Nkhondo ya Chitini cha Penti Wabuluu

Tcherani khutu, inu mapiri a Dowa, ndi inu zitunda za Ntchisi zofunda nkhungu mpaka dzuwa litakwera. Zimitsani injini, inu a kabaza, ndipo inu amayi a pamsika wa Mponela yambani mwaleka kuitanira tomato, pakuti ndikufuna kusimba za nkhondo imene inagwa m'masiku athu omwe ano, m'nyengo imene netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu pokha, m'chaka chimene soya anabereka koma mavenda anamuchita chipongwe. Nkhondo yoopsa imene inagawa aphunzitsi khumi ndi mmodzi, inadanitsa malume ndi mwana wa mlongo wake, ndipo gwero lake linali chitini chimodzi cha penti wabuluu.

Kum'mawa kwa Mponela, panjira yokwera ku Ntchisi, kuli sukulu ina ya sekondale yoyendera imene dzina lake ndilisunga m'kamwa, kuti ana ake asamasekedwe m'minibasi. Kumeneko kunali ngwazi, a Festus Katsache, Njovu ya Choko, Mlowa-m'kalasi-belu-lisanalire, iwo amene anaphunzitsa mbiri yakale zaka makumi atatu ndi zinayi osadwalapo Lolemba ngakhale limodzi. Akakhosomola pakhonde, a Fomu 1 ankapisira malaya. Akavula magalasi, ngakhale mbuzi za m'mudzi zinkatuluka m'bwalo la mpira mwaulemu. Chaka chimenecho chinali chawo chomaliza, pakuti kalata yopumira pa ntchito inali itafika kale, ndipo usiku ndi usana inkawawotcha mumtima.

Pakhoma la Fomu 4, loyang'ana kumsewu, panali nkhope yaikulu ngati chitseko. Inali ya mzungu wina amene anamwalira zaka mazana atatu zapitazo, katswiri wa nzeru zakuya, munthu amene ntchito yake inali kukhala pampando n'kumaganiza, ena n'kumamuombera m'manja. Dzina lake linali lopota lilime, moti linagonjetsa mahedi atatu motsatizana; choncho dera lonse linkangomutchula kuti a Chitsitsi, chifukwa cha chiwigi chopotanapotana chimene chinkatsetserekera m'mapewa ngati nkhosa yagona pamutu. Anajambula nkhopeyo ndi a Katsache eni ake, chaka chimene anayamba ntchito, pokopera m'kabuku kopyapyala kamene analandira ngati mphoto kusukulu ya mishoni. Pansi pake analemba mawu a m'kabukumo: "Usavomere chinthu chifukwa wanena ndi wamkulu, chiyese wekha." Kuyambira pamenepo panalibe phunziro, msonkhano wa makolo, ngakhale chinkhoswe, chimene a Katsache ankamaliza osanenapo kuti, "Monga ananenera a Chitsitsi."

Koma mvula ya ku Dowa sidziwa munthu wophunzira. Inachotsa diso lakumanzere, inadya theka la mphuno, ndipo a Chitsitsi anatsala akuyang'ana kumsewu ngati munthu amene basi yamusiya.

Lolemba lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira kochita kuumitsa zala, ahedi, mayi Rakele, Mfumukazi ya Makiyi, analowa m'chipinda cha aphunzitsi atanyamula chitini cha penti, mphatso yochokera kwa Vinsenti, mwana wakale wa pasukulupo amene tsopano anali ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Mponela. Anachikhazika patebulo n'kufunsa funso limene, akanadziwa, akanalimeza: "Anzanga, penti uyu tipake pati?"

A Katsache anadzuka pang'onopang'ono, monga lidzukira phiri likafuna kusamuka.

"Ahedi, ndi inu nonse onyamula choko! Kodi zaka makumi atatu za mvula sizinakwane kunyoza munthu wamkulu? Diso lake linapita ndi madzi a Januwale, mphuno yake ili m'dambo! Ndipatseni chitinicho, ndipatseni makwerero, ndipo ndisanatuluke pachipata ichi komaliza, ndim'bwezera maso munthu amene anatsegula maso athu!"

Aphunzitsi anayi anaomba m'manja. Koma kukona, pafupi ndi soketi, kunaimirira Talandira, Mphezi ya ku Yunivesite, Mwini-foni-yosatha-moto, mphunzitsi wa Chingerezi amene anali asanathe chaka pantchito. Iyeyu anali mwana wa Falesi, mlongo wawo wa a Katsache, ndipo anakulira m'kalasi mwawo momwemo, pabenchi yakutsogolo.

"Amalume," anayamba choncho, kenaka anakumbukira kuti ali pantchito. "A Katsache. Munthu mukumufunira masoyu, ifeyo sanatiyang'anepo ngati anthu. Kabuku kanu kaja n'kofupikitsidwa. Buku lenileni ndili nalo m'foni muno, ndipo lili ndi mutu womaliza umene amishoni anauchotsa. M'menemo akuti anthu a kumaiko otentha sangatsatire ganizo lalitali, chifukwa dzuwa linawafewetsa ubongo. Akutinso mutu wa mkazi umatopa msanga, choncho asamaupatse masamu. Kuno sanapondeko, zonse ankangomva kwa oyenda panyanja. Penti ameneyu timupake kumaso, afufutike."



"Foni!" anabangula a Katsache. "Foni imene dzulo lomweli inatiuza kuti kugwa mvula, ife n'kuanula chimanga dzuwa likuswa mtengo! Iwe Talandira, amene ndinakuphunzitsa kugwira cholembera, lero ukufuna kugwira burashi?"

"Munandiphunzitsanso kuti ndisavomere chinthu chifukwa wanena ndi wamkulu," anayankha Talandira. "Mawuwo ali pakhoma pomwepo."

Pamenepo nkhondo inabadwa. Aphunzitsi anagawikana magulu awiri, Obwezera ndi Ofufuta. Obwezera, motsogozedwa ndi a Katsache, analanda ketulo n'kukaimanga msasa kuzenera. Ofufuta, pambuyo pa Talandira, analanda botolo la shuga n'kukhazikika kusoketi. Kwa masabata atatu gulu lina linkamwa tiyi wotentha wowawa, lina linkanyambita shuga n'kutsitsira madzi a pamjigo, ndipo palibe anadandaula, pakuti ankhondo enieni salira pamaso pa adani. Yekhayo amene ananenepa m'nyengo imeneyo anali Andireya wa masamu, Kazembe-wa-mbali-zonse, amene ankavomereza a Katsache mpaka kapu itadzaza, kenaka n'kuoloka chipinda kukavomereza Talandira mpaka masupuni atakwana atatu. Chitini chija ahedi anachitsekera mu ofesi, pansi pa tebulo, n'kumaikapo mapazi.

Lamulungu lachiwiri, mapemphero atatha, Falesi anawatsekera njira achimwene ake pakhomo pa tchalitchi, akadali mu yunifolomu ya chigwirizano.

"Achimwene, zoona mukudutsana ndi mwana osapatsana moni chifukwa cha mzungu wakufa? Akudya nanu ameneyo? Mukadwala adzakutengerani phala kuchipatala?"

"Mlongo, izi n'zakuya."

"Chakuya ndi chitsime. Mwanayu dzulo wagona osadya."

Mawu amenewo anawalasa, koma Njovu ya Choko sibwerera chifukwa cha muvi umodzi. Anatsimikiza mtima kuti akagwira bodza la foniyo ndi manja awo. M'mawa mwake, atamaliza phunziro loyamba, anakwera njinga yamoto ya kabaza, jekete ikuuluka kumbuyo ngati mbendera, n'kutsika zitunda zonse mpaka ku Mponela. Kumeneko analowa m'kashopu ka makompyuta n'kulamula kuti awafunire buku lenilenilo, osati la m'foni ya mwana, ndi kuwasindikizira mutu womaliza. Makina anakhosomola n'kulavula masamba khumi ndi awiri.

Anakhala pabenchi, pakhonde la sitolo yogulitsa mbewu, dzuwa lili pamutu, malole a fodya akudutsa mumsewu waukulu. Anawerenga kamodzi. Anapukuta magalasi n'kuwerenganso. Mawu aja analimo, osasowa ngakhale limodzi, ndipo analembedwa ndi dzanja lomwe lija lodekha, lokoma, limene iwo analikonda kuyambira ali mnyamata. Apo m'pamene anakumbukira bambo awo, tenanti wa pa esiteti ya fodya, amene anachoka ku Phalombe ndi mkeka ndi khasu basi. Munthu amene ankangokhudza tsamba ndi chala n'kudziwa kuti liuma tsiku liti, amene ankasunga m'mutu mizere ya munda wonse ndi matenda a mzere uliwonse. Ameneyo ndiye ankanenedwa m'masambamo kuti dzuwa linamufewetsa ubongo.

A Katsache anakhala pabenchipo mpaka mthunzi unawathawa. Kenaka anapinda mapepalawo kanayi, anawabisa m'thumba lam'kati, n'kubwerera kumapiri osauza munthu. Mumtima ankati: chabwino, munthuyu analakwa, koma zipatso zake m'dera lino zilipo, ndipo ndidzazionetsa.

Mpata unapezeka msanga. Ahedi, atatopa ndi fungo la nkhondo, analamula kuti Lachisanu masana pakhale mtsutso wapoyera pansi pa mkuyu, pamaso pa komiti ya makolo ndi ophunzira onse, ndipo wopambana atenge chitini. A Katsache anatumiza uthenga kwa ophunzira awo akale, ndipo anabwera: ena kuchokera ku Kasakula, ena ku Chezi, ena wapansi kuchokera kumaesiteti. Chitini anachikhazika pampando wapakati, chofunditsidwa nsalu yoyera ya patebulo la ahedi.

Talandira anayamba. Anawerenga mawu a mutu womaliza momveka, osakweza mawu, ndipo amayi a komiti anagwira pakamwa. A Katsache sanatsutse. Anangotambasula dzanja.

"Mtengo tiuweruze ndi zimene wadyetsa anthu! Mboni zanga, imirirani!"

Woyamba anali Vinsenti, mwini chitini. "Ine a Chitsitsi anandipulumutsa. Anati ukamagulitsa mtedza uyambe wakwera wekha pasikelo ya venda, chifukwa kulemera kwako umakudziwa. Ndinakwera, sikelo inati ndine mwana wa zaka khumi. Kuchokera tsiku limenelo palibe anandiberanso."

Wachiwiri anali Lonjezo, namwino wa kuchipatala cha kutsidya, atavala zoyera. "Ine ndinkabisa malikisi anga a masamu kuopa anyamata. Aphunzitsi anandiitana n'kundiuza kuti a Chitsitsi anati mtsikana akakhoza masamu asapepese kwa aliyense. Mawu amenewo ndi amene anandiveka diresi iyi."

Wachitatu anali Gideoni, mlangizi wa zaulimi, amene anakulira m'zigafa. "Ine ndinkakhala kumbuyo chifukwa anzanga ankati ndikununkha fodya. Aphunzitsi anandikokera kutsogolo. Anati a Chitsitsi analemba kuti fungo la fodya limathera m'malaya, silifika m'mutu."

Anthu anaomba m'manja, Obwezera anaimirira pamabenchi. Koma Talandira anali ataweramira foni, chala chikuthamanga. Anafufuza sikelo m'buku lija, sanaipeze. Anafufuza mtedza, sanaupeze. Anadzutsa mutu, maso akuwala ngati a mlenje amene waona mapazi a nyama.

"Amalume, zimenezi zili patsamba liti? Kwawo kwa a Chitsitsi kunali mavenda a mtedza? Munthu amene analemba kuti mkazi asapatsidwe masamu, angathe bwanji kunena kuti..."

Pomwepo Talandira anazindikira. Anakumbukira chaka chimene bambo ake anamwalira, achibale atakhala pakhonde n'kugwirizana kuti iye asiye sukulu azithandiza kumunda. Amalume ake anafika ndi jekete yomweyi, n'kunena kuti a Chitsitsi analetsa kutulutsa mwana wamasiye m'kalasi, ndipo akuluakulu onse anagwedeza mitu n'kubalalika. Foni inatsika pang'onopang'ono mpaka m'chiuno.

A Katsache anaona kuti mwana wazindikira. Akanatha kubangula, ndipo gulu lawo likanawakhulupirira. M'malo mwake anavula magalasi, anapisa dzanja m'jekete, n'kutulutsa mapepala opinda kanayi.

"Mutu womaliza ulipo," anatero, ndipo mawu awo sanali a Njovu ayi, anali a munthu wamba. "Ndinakauwerenga ndekha ku Mponela. Mwanayu sananame. Za sikelo, za masamu, za fodya, m'bukumo mulibe. Ndinapeka ndine."

Anaika mapepalawo pamwamba pa chitini n'kupitiriza.

"Ndinafika pano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mwana wa tenanti, nsapato zobwereka. Pamsonkhano woyamba wa makolo ndinanena kuti atsikana asamatumidwe kumjigo nthawi ya phunziro. Anandiseka. Wina anati, 'Za m'chigafa zimenezo.' Mwezi wotsatira ndinanena zomwezo, koma ndinayamba ndi kuti, 'Monga ananenera katswiri wa ku Ulaya.' Anaomba m'manja, ndipo lamulo linakhazikika tsiku lomwelo. Ndinaona kuti mawu anga akavala wigi amaloledwa kulowa pakhomo. Ndiye ndinapitiriza kuwaveka. Patapita zaka, ngakhale ine sindinkadziwanso kuti ake ndi ati, anga ndi ati."

Lonjezo anaika manja m'chiuno.

"Aphunzitsi, ndiye kuti zaka zonsezi ine ndakhala ndikuthokoza wigi? Ndikamadutsa pamsewupa ndimachita kuwerama!"

Chiseko chinaphulika ngati mvula ya matalala padenga la malata. Anaseka a komiti, anaseka a Fomu 1 amene sanamve n'komwe, ndipo Gideoni anaseka akupukuta m'maso, n'kupita kukagwira dzanja la aphunzitsi ake ndi manja awiri, osalisiya.

A Katsache, mphamvu zitabwerera, analoza khoma. "Talandira, tenga chitinicho. M'fufute! Asatsale ngakhale tsitsi limodzi!"

"Ayi, amalume. Asafufutidwe."

"Wati chiyani?"

"Mawu ali pansi pakewo ndi akedi, ndawapeza patsamba lachitatu. Ndipo ndi omwewo ndamugwira nawo. Munthu amene anasula mpeni wabwino n'kudzicheka nawo yekha, ana ayenera kumudziwa. Tikamufufuta, adzabwera wina ndi kabuku kena kofupikitsidwa."

"Ananyoza bambo anga!"

"Agogo anga omwewo. N'chifukwa chake akhale pomwepo, aziona zidzukulu zawo zikulemba mayeso."

Ndipo taonani, inu mapiri, chodabwitsa chimene sichinaonekepo m'mbiri ya nkhondo: mtsogoleri wa Obwezera ankafuula kuti afufutidwe, mtsogoleri wa Ofufuta ankakana, ndipo asilikali awo anangoti kakasi, osadziwa kuti ketulo tsopano ndi ya ndani. Andireya anayesa kuvomereza mbali zonse nthawi imodzi, khosi linamugwira.

Pamenepo Mfumukazi ya Makiyi inaimirira n'kugwedeza makiyi ake, ndipo chigamulo chinatsika. A Chitsitsi sabwezeredwa diso, komanso safufutidwa. Atsala m'manja mwa mvula, imene inayamba kale kuwaweruza mosakondera. Pansi pa mawu akale palembedwe mzere wina, kuti wodutsa aliyense adziwe mbali zonse. Penti wotsala apake zitseko za zimbudzi za atsikana, chimene ahedi ankafuna kuyambira tsiku loyamba, kungoti palibe anawafunsa.

Makwerero anabwera. Talandira anakwera, a Katsache anagwira pansi, akulangiza kuti zilembo zikupendekeka ngakhale zinali zowongoka. Mzere watsopano unati: "Uyu anaona patali, koma anzake a kuno sanawaone. Werengani buku lonse."

Mtendere unakondwereredwa ndi ulemerero umene sukuluyo inali isanauonepo. Ketulo inatuluka kuzenera itanyamulidwa ndi aphunzitsi awiri, botolo la shuga linatuluka kusoketi pa thireyi, ndipo zinakumana pakati pa bwalo belu likulira. Popeza makapu anali asanu ndi awiri okha, alendo olemekezeka anamwera m'mabotolo oyezera a ku labu, wapampando wa komiti akuonetsetsa kuti tiyi wake wafika pamzere wofanana ndi wa ahedi. Mbatata yophika inadulidwa ndi rula. Kwaya ya sukulu, posowa nyimbo yoyenera mwambo wotere, inaimba ndandanda wa masiku a mayeso m'mawu anayi, ndipo amayi ena analira.

Pakati pa chisangalalocho Vinsenti anakwera pabenchi, mtima utadzaza. "Ine ndibweretsa chitini china! Khoma la Fomu 3 lili mbee. Tijambulepo a Katsache, nkhope yaikulu kuposa iyo!"

Anthu anakuwa movomereza. A Katsache anakweza manja onse awiri.

"Zosatheka! Ine pakhoma ayi! Mwaona nokha zimene zimachitikira munthu akakwera pakhoma!"

"Zoona, amalume," anatero Talandira akupukuta penti m'zala. "Pakadzatha zaka makumi atatu adzaimirira mwana wina n'kutsegula mutu wanu womaliza. Ndipo ine ndili ndi zambiri zoti ndidzamuuze. Mwachitsanzo, tsiku lija munathawa tambala wa amayi mpaka kukwera pankhokwe."

"Tambala ameneyo anali wamisala, mudzi wonse ukudziwa!"

Dzuwa litapendeka, awiriwo anatsika limodzi kanjira kopita kwa Falesi, malume patsogolo, mwana pambuyo atanyamula makwerero. Anadutsa munda wa soya wokololedwa kale. Pamtsinje a Katsache anaima, ngati akufuna mwala wopondapo, n'kukhosomola.

"Iwe, za Vinsenti zija n'zachibwana. Sindingalole."

"Ndamva, amalume."

"Ndi kuwononga penti."

"Eya."

Anaoloka. Atafika kutsidya anaimanso, osatembenuka.

"Koma ngati angakakamire, chifukwa mnyamata uja ndi wamakani, ukamuuze kuti ajambule mbali yakumanjayi. Khutu lakumanzereli linapindika ndili mwana."